Achule a m'thamanda la ku Midrand

Mvula yamabingu ikakhazikika kuno ku Johannesburg, cha mu Novembala ndi Disembala, ndimakonda kupita ku Glen Austin Pan, ku Midrand, kukaonerera achule akuluakulu amene akatswiri amawatcha Pyxicephalus adspersus. Achule amenewa amakhala pansi pa nthaka pafupifupi chaka chonse, atadzikuta ndi zikopa zimene afundula kuti matupi awo asaume, ndipo mvula yongowaza siwatulutsa ayi. Amadikira chimvula chodzaza mathamanda, ndipo akatuluka ntchito yonse yoswana imatha pa tsiku limodzi kapena awiri, kotero kuti munthu wozengereza amapeza atabalalika kale.

Mosiyana ndi achule ambiri amene tinazolowera kuwamva usiku m'madambo a kwathu ku Malawi, awa amaswana dzuwa likuswa mtengo. Amuna amasonkhana m'madzi osaya, n'kumalira ndi mawu okhuthala onga a ng'ombe, uku akugwetsana ndi kulumana polimbirana malo apakati pamene akazi amafikira. Mwamuna wamkulu amatha kupitirira kilogalamu imodzi, pamene mkazi ndi wamng'ono kwambiri, chinthu chosazolowereka pakati pa achule.

Amasankha madzi osakhalitsa chifukwa mulibe nsomba zoti zidye mazira ndi mbululu, koma dzuwa la m'dera lino silichedwa kuphwetsa chithaphwi, ndiye mbululu ziyenera kumera miyendo m'masabata ochepa chabe. Apa ndi pamene bambo wa mbululuzo amandigometsa. Iye amakhalira pafupi ndi ana ake, ndipo akaona kuti madzi akuphwa amakumba ngalande ndi miyendo yakumbuyo kufikira madzi akuya, mbululu n'kutsetsereka m'ngalandemo chigulu. N'zoona kuti nthawi zina amadyako anawo, koma ine sindimuweruza, poti ochuluka amapulumuka chifukwa cha iye.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mipanda ya njerwa ndi misewu imene yazinga malo otere ku Midrand ndi ku Benoni, pakuti chule wochokera kutchire amapeza njira yotsekeka kapena amapondedwa ndi galimoto asanafike kumadzi. Mukafuna kukaona nokha, yendetsani galimoto pang'onopang'ono mukayandikira thamanda, valani majombo, ndipo muime patali ndithu, chifukwa mwamuna wolondera mbululu saopa munthu ndipo akaluma amatulutsa magazi.