Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka cha hydraulics

M'gawo lapitali ndinakusiyani ndili ku Poly, pa Chichiri, nditangopulumukira mkamwa mwa mbuzi pa mayeso a masamu. Chaka chotsatira tinakumana ndi hydraulics, phunziro la kayendedwe ka madzi m'mapaipi ndi m'ngalande. Anzanga ambiri mtima wawo unali pa misewu ndi nyumba zosanja, poti n'komwe ndalama zimanunkhira. Ine za madzi zinandigwira msanga.

Kwathu ku Mulanje tinakula tikutunga pa mpopi wopanda injini. Madzi ankachokera m'phiri n'kutsika okha m'mapaipi mpaka pafupi ndi kwa agogo. Mipopi yotereyi inayambira ku Chingale, ku Zomba, mu 1968, eni mudzi akukumba okha ngalande za mapaipi. Panjira yopita kuphiri panali kathanki ka simenti kopanda potungira, ndipo anafe tinkangokhalapo tikamadya nzimbe. Ntchito yake ndinakaimvera m'kalasi. Madzi akatsika mamita 10 alionse, mphamvu yomwe amakankhira paipi imakwera ndi bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankhayo). Ukawalekerera atsike phiri lonse osapuma, paipi ya pulasitiki imaphulika. Kathanki kaja kamawapumitsa kuti ayambirenso pa ziro.

Aphunzitsi athu, bambo osaseka wamba, sankakonda zitsanzo za m'mabuku a kunja. Tsiku lina analemba pa bolodi kuti Walker's Ferry, n'kutiuza tiwerengere. Madzi ambiri omwe Blantyre amamwa amachokera kumeneko, mu Shire, ndipo amapopedwa kudzera ku Chileka, kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800. Tinapeza kuti kukweza malita 1,000 okha pamafunika magetsi opitirira mayunitsi awiri, tisanawonjezere mphamvu yotayika madzi akamakhulana ndi paipi. Kutayikako sikochepa: ukachepetsa kukula kwa m'mimba mwa paipi ndi theka koma n'kufuna madzi omwewo, mphamvu yotayika imachuluka pafupifupi ka 32. Kuyambira tsiku limenelo bilu ya madzi ndimaiona ngati bilu ya magetsi yovala malaya ena.

Chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti magetsi opopera madziwo amachokeranso mu Shire momwemo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndipo Shire amadalira nyanja. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri moti mtsinjewo unasiya kutuluka ku Mangochi. M'kalasi munali zii aphunzitsi atanena zimenezi. Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, yomangidwa mu 1965, imasunga madzi ndi kuwatulutsa mwa muyeso, koma singalenge madzi mvula ikakana zaka zotsatizana. Apa m'pomwe masamu a Bernoulli ndi Manning, owerengera kayendedwe ka madzi, anasiya kukhala chilango kwa ine, ngakhale kuti mu labu ndinkatulukabe thalauza litanyowa.

Pa holide ndinawauza bambo kuti pulojekiti yanga yomaliza ikhala ya madzi. Anakhala chete, kenaka anati, "Ndiye fizi yonseyi ukufuna ukhale pulambala?" Amayi ndi amene anandiikira kumbuyo, poti ali mtsikana, mpopi usanabwere, ankadzuka tambala woyamba kukatunga kumtsinje. Anati, "Musiyeni mwana, inu ndowa simunaisenzepo."

Mu gawo 10 ndikuuzani za atachimenti yanga ku chigwa cha Shire, komwe ndinapeza kuti ngalande ya mthirira imadzaza mchenga msanga kuposa momwe pepala limanenera.