Limba la ku London pa chinkhoswe cha achemwali

Kwathu aliyense amadziwa kuti nyimbo zanga ine n'zachilendo. Anzanga akamatimba amapiano, ine ndimakhala nditatseka makutu ndi mahedifoni, kumvetsera nyimbo za m'mafilimu, zija zopanda mawu, zoimbidwa ndi chikhamu cha anthu a mavayolini, malipenga ndi zing'oma zikuluzikulu. Amayi amazitcha nyimbo za pamaliro a azungu. Ndiye achemwali atadandaula kuti DJ wa pa chinkhoswe chawo ku Area 25 watchaja ndalama zambiri, ndinadziguguda pachifuwa n'kunena kuti angobwereka masipika, zotsalazo asiyire ine.

Kwa maola awiri zinthu zinayenda bwino. Ndinaika nyimbo zimene anthu amazidziwa, amayi akuvina, ndalama za perekaniperekani zikugwa m'lichero. Koma mumtima ndinali nditasunga kanga.

Mukudziwa nthawi ija amatulutsa atsikana atawafunditsa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti mwamuna aloze wake, akaphonya alipire? Kwa ine pamenepo mpamene pali filimu yeniyeni. Mitima ya anthu imakhala m'mwamba, ndipo ndinkaona kuti ma DJ amapawononga poika nyimbo yovina. Ndinasankha nyimbo ya mu filimu ya Interstellar, ya 2014, imene anapeka Hans Zimmer. Imalira pamene oyenda m'mlengalenga atera pa dziko lina la madzi okhaokha olekeza m'mawondo, kumene ola limodzi likufanana ndi zaka 7 za kuno. Imayamba ndi kaphokoso ngati ka wotchi, tho... tho... tho..., kukukumbutsa kuti nthawi ikutha. Chapatali akuona ngati mapiri. Si mapiri ayi, ndi chifunde cha madzi chikubwera.

Amalume, amene ndi nkhoswe komanso mkulu wa mpingo, anabwera kudzandisuzumira m'mawa wa tsiku la chinkhoswelo.

"Iwe, usatiikire zoduka mutu zako pano. Kukubwera anthu aulemu."

"Ayi malume, ya pa zitenjeyo muli limba la m'tchalitchi."

Sindinaname. Limba la mapaipi limene likumveka mu filimuyo ndi la mu Temple Church ku London, ndipo analiimba ndi Roger Sayer, amene panthawiyo anali woimba limba wa pa tchalitchi chomwecho. Amalume atamva mawu akuti tchalitchi anagwedeza mutu mokhutira n'kumapita.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti nyimbo za mtundu uwu sazijambula ngati zathu zovinazi. Yovina imayamba mokweza n'kutha mokweza. Ya m'filimu yoopsa amaipangira nyumba ya kanema, poyambira imachita kunong'ona kuti utchere khutu, ndipo ukatchera khutu ndiye amakugwetsera denga. Ine ndinali nditangoimvera m'mahedifoni basi. Apa panali masipika anayi, awiri a besi aatali kufika m'chiuno.

Atsikana asanu anatuluka chamtsotso, atafunda zitenje zofanana. Ndinadina foni. Zii. Nthungululu ndi phokoso la ana zinameza zonse. A MC ananditembenukira n'kukweza dzanja m'mwamba kuti ndiwonjezere. Ndinapotoza kabatani pang'ono. Anakwezanso dzanja. Ndinapotoza mpaka kanagunda kumapeto.

Tho... tho... tho...

Nthungululu zinazima imodziimodzi. Azakhali, amene anakhala pafupi ndi ine, anaweramira mnzawo n'kufunsa ngati wina wasiya mpopi ukudontha. Pansi pa kudonthako panayamba kubwera kamdidi kakuya, kaja sukamva ndi makutu koma ndi m'mimba. Makapu a thobwa patebulo la alendo anayamba kunjenjemera okha.

Alamu anga, munthu wofatsa, mphunzitsi wa masamu, anali ataima kutsogolo kwa mzerewo. Poyamba ankamwetulira. Koma nyimbo zimenezi anazipangira ntchito imodzi, kuuza thupi lako kuti kumbuyo kwako kukubwera chinthu. Ndinawaona akucheuka. Anayang'ana mapazi a mtsikana woyamba, n'kucheukanso. Thukuta linatsikira m'kolala. Mavayolini anayamba kukwera, kubwereza kanyimbo komweko mothina, ndipo ine mumtima ndinkati eya, ndi zimenezitu, Area 25 yonse sinaonepo chinkhoswe chotere.

Kenako chifunde chija chinafika.

Sindikudziwa kuti ndilongosole bwanji. Tangoganizani limba lonse la tchalitchi, malipenga ndi kwaya zikukuwa nthawi imodzi mkati mwa chigoba cha mutu wanu. Malata a nyumba analira. Alamu ya galimoto ya alendo inayamba kulira panja pa mpanda, ina n'kuyankha. Agogo anadzuka pampasa mwaliwiro limene sitinaliwonepo chichokereni ku chipatala, akukuwa kuti "Chivomezi! Tulutsani ana!" pamene tonse tinali kale panja. Atsikana awiri anataya zitenje n'kuliyatsa liwiro la kuseri kwa bafa.

Nkhoswe ya kuchimuna inali itakhala patsogolo itafungatira tambala woti adzasinthane ndi msoti wa kwathu. Bamboyo anadzidzimuka n'kutambasula manja. Tambala anauluka, natera pamutu pa a MC, nadumphira pamwamba pa tenti, kuchoka apo n'kugwera kuseri kwa mpanda wa aneba. Anyamata asanu ndi mmodzi a masuti anamulondola.

Alamu, mwamuna wachikondi, anaganiza zopulumutsa mkazi wawo. Anavumbatira munthu wa m'chitenje amene anali pafupi n'kumunyamula. Chitenje chitagwa, munatuluka mayi wachikulire wa m'bungwe la amayi a kumpingo, amene anamuika pamzerepo dala kuti aseketse anthu. Mayiyo sanakane n'komwe. Anangogwira alamu m'khosi n'kunena kuti, "Thamangani bambo, musandigwetse." Achemwali anali ataima pa nambala 4, chitenje atachitsegula pang'ono, diso limodzi lili pa alamu, kenako linatembenukira kwa ine.

Mufunsa kuti bwanji sindinazimitse. Ndinayesa. Foni inali itadzitseka, ndipo chala changa chinali ndi mafuta a nkhuku imene ndinaba kukhitchini, moti foniyo inakana kundizindikira katatu konse. Za kabatani ka voliyumu, kamene kanali pamphuno panga penipeni, mutu sunandipatse. Amene anatipulumutsa ndi amalume. Anadutsa pakati pa mipando ngati mnyamata, nagwira chingwe cha magetsi n'kuchizula pakhoma.

Kunagwa bata loti ukanamva nyerere ikuyenda, kupatula ma alamu a magalimoto aja ndi tambala amene ankalira cha uko ngati kwacha. Nyimbo yonseyo sikwana mphindi zinayi, koma pamene amalume ankayenda kubwera pomwe ndinakhala, chingwe chili m'manja, ndinamvetsa bwinobwino za dziko lija limene ola limodzi ndi zaka 7.

"Iwe," anatero motsitsa mawu, "unati tchalitchi."

"Eya malume, cha ku London."

"Amapemphera kwa ndani kumeneko?"

Mlandu unakambidwa madzulo omwewo, ankhoswe a mbali zonse atakhala pakhonde. Tambala sanapezeke, aneba anati sanaone kanthu ngakhale kuti usiku umenewo kwawo kunkanunkhira bwino. Anagamula kuti ndigule wina, wamkulu kuposa woyambayo. Chindapusa cha alamu chophonya mkazi chinagweranso ine, chifukwa a kuchimuna anati mwana wawo anasankha ali pangozi. Ndinayesa kufotokoza kuti munthu amene anapeka nyimboyo ali ndi mphoto za Oscar ziwiri, koma azakhali anati akanakhala pafupi akanalipira nawo tambalayo.

Pa ukwati weniweni anabweretsa DJ yemwe uja wodula. Ine anandipatsa ntchito yolondera magalimoto kunja kwa holo, foni yanga itasungidwa m'chikwama cha amayi. Mayi wa kumpingo uja anandipeza komweko atanyamula mbale ya mpunga, nandifunsa monong'ona ngati ndingamutumizire nyimbo ija, poti mdzukulu wake ali ndi chinkhoswe mu Disembala.