Nyerere za m'mgodi wa Orapa

Loweruka, ku Johannesburg

Lero ndinapita ku Braamfontein kukaona mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za miyala pa yunivesite ya Wits. Titakhala pansi, anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha mwala wokhala ndi kachidindo kakuda, ndipo anati, "Amalume, iyi ndi nyerere, ndipo inakhalako nthawi ya madinoso, zinyama zikuluzikulu zija zimene zinatha kalekale."

Dzina lake ndi Afropone oculata. Mtunduwu unatha kalekale, moti umadziwika ndi zidindo za pamiyala zokha. Inapezeka ku Orapa m'dziko la Botswana, kumene mgodi wa dayamondi unatsegulidwa mu 1971, ndipo amene anaifotokoza mu 2004 ndi Gennady Dlussky, Denis Brothers ndi Alexandr Rasnitsyn, pamodzi ndi mitundu ina monga Orapia rayneri ndi Afromyrma petrosa. Miyalayo ili ndi zaka pafupifupi 91 miliyoni.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene inasungikira. Chiphalaphala chimene chinakweza dayamondi kuchokera pansi penipeni pa dziko chinaphulika n'kusiya chidzenje chachikulu, chomwe pambuyo pake chinadzaza madzi n'kusanduka nyanja yaing'ono. Tizilombo touluka tinkagwera m'madzimo, monga zimachitira ngumbi m'beseni loikidwa pansi pa nyale, ndipo tikamira tinkakwiririka ndi matope osalala amene m'kupita kwa nthawi anauma n'kukhala mwala. Anthu ofuna dayamondi ndi amene anafukula miyala ya matopeyo pokumba chuma chawo. Kunena zoona, pakanapanda phindu la dayamondi palibe akanakumba dzenje lotero chifukwa cha nyerere.

Ndinafunsa chifukwa chake chithunzicho sichioneka bwino ngati zija za nyerere zosungika mu utomoni wouma wa mitengo. Iye anayankha kuti utomoni, monga wa ku Myanmar wa zaka pafupifupi 99 miliyoni, umasunga thupi lonse lili lathunthu, pamene matope amaliphwatalalitsa, choncho akatswiri amadalira mitsempha ya m'mapiko, maso ndi chiuno kuti adziwe banja lake. Atatu aja anaika Afropone m'banja la Ponerinae, momwe mulinso nyerere zikuluzikulu zakuda zija zimene zimayenda pamzere kukagwira chiswe kuchulu.

Madzulo ndinakwera takisi pa siteshoni ya Bree kubwerera kunyumba, nditamupempha kuti anditumizire zithunzi za Orapia rayneri kuti ndiyerekeze mapiko ake ndi a inzakeyo.