Chipsera cha pamchira

Nyali ndazimitsa kawiri, ndayatsanso. Ndikangotseka maso ndikuona mchira wa namgumi uja ukutuluka m'madzi, ndiye bola ndingolemba.

Tinanyamuka padoko la tauni ya Hermanus ku South Africa m'mawa, boti lodzaza alendo, aliyense foni m'manja. Za ulendowo ndilibe zambiri zonena. Mutu unali kuzungulira, ndinangodzipanikiza pakona n'kumapempha kuti ndisasanze anthu akuona. Titafika chapakati pa chigawo cha nyanja chotchedwa Walker Bay injini inazimitsidwa. Zii. Kenako phuuu, mpweya n'kutumphuka m'mwamba utagawikana pawiri ngati chilembo cha V. Namgumi wamkazi, mwana wake ali pambali akudzikhula pathupi la mayi wake. Mseru wonse unathera pomwepo.

Ndinkadziwa kale kuti anamgumi a mtundu uwu, otchedwa southern right whale pachingerezi, amafika mamita 15, koma nambala ya pabuku ndi china, kuona msana wakuda ukudutsa osatha ndi chinanso. Pamutu pake panali zigamba zoyera zokhakhala. Bambo wotitsogolera, wachikulire ndithu, nkhope yopsa ndi dzuwa, anati zigambazo n'zosiyana pa namgumi aliyense, moti ofufuza a ku University of Pretoria amawajambula kuchokera mu helikopita chaka ndi chaka n'kumazindikira kuti uyu ndi uja anabwera ndi mwana zaka zapitazo.

Apa ndi pomwe mkulu wina amene anaima pafupi nane anayamba phokoso. Ati tiyeni pafupi, kamera yake sikugwira bwino, sanalipire kuti adzaone kadontho. Anabwereza mwina katatu. Bambo aja sanakweze mawu. Anangoti, "Achimwene, lamulo la dziko lino limati munthu asayandikire namgumi kupitirira mamita 300 popanda chilolezo. Ife chilolezo tili nacho, koma si chothamangitsira mayi amene akuyamwitsa. Akafuna abwera yekha." Mkulu uja anang'ung'udza n'kutembenukira kwina.

Ine ndinamuyang'ana ndi diso loipa, kudziona ngati munthu wabwino. Koma ndinene zoona, popeza pano ndikulemba ndekha: mumtima ndinkafuna zomwezo. Phazi langa linali kale pa chitsulo cha m'mphepete. Ndinkafuna boti lisunthe pang'ono pokha, ndimuone diso. Kusiyana kwathu n'kwakuti iye anatulutsa pakamwa, ine ndinameza.

Sindikudziwa kuti panadutsa mphindi zingati. Namgumi wamkazi uja anamira pang'onopang'ono, mchira n'kuimirira m'mwamba, madzi akuyenderera. Pamene mchira umalumikizana ndi thupi panali mzere woyera wozungulira, wolowa mkati ngati pamtengo pomwe panamangidwa waya kalekale.

"Bambo, chija n'chiyani?"

"Chingwe, mayi. Nthawi zambiri zimakhala zingwe za misampha ya nkhanu za m'nyanja. Chimazinga, iye akamakoka chimalowa m'mnofu. Uyu anapulumuka."

Anandifotokozera kuti kuyambira 2006 ku South Africa kuli gulu la anthu ophunzitsidwa kumasula anamgumi okodwa, amene amapita ndi timaboti ting'onoting'ono n'kumadula zingwe ndi mipeni yomangirira ku mitengo yaitali. Ntchito yoika moyo pachiswe, chifukwa mchira umenewo ukangomenya kamodzi basi. Ndinafunsa ngati uyu anamasulidwa ndi anthu kapena chingwe chinaduka chokha. Anangotambasula manja.

Pobwerera ndinakhala pafupi nawo, ndipo anayankhula zambiri, ngati munthu amene sapeza kawirikawiri womumvera. Dzina lenilenilo lachingerezi, right whale, anati linachokera kwa alenje: namgumi woyenera kumupha, chifukwa amasambira mosathamanga, amakonda kufupi ndi gombe, ndipo akafa amayandama. Tangoganizani kutchedwa dzina chifukwa cha kuphweka kwa imfa yako. Anatetezedwa ndi mgwirizano wa mayiko mu 1935, komabe sitima za Soviet Union zinapha oposa 3,000 mobisa pakati pa 1951 ndi 1971. Kupha anamgumi pochita malonda kunaimitsidwa mu 1986, koma Norway ikuphabe mitundu ina, ndipo Japan inatuluka mu bungwe loyang'anira za kupha anamgumi la International Whaling Commission mu 2019 n'kuyambiranso poyera. Abale ake a namgumi wathuyu a kumpoto kwa Atlantic atsala osakwana 400, ndipo chikuwatha si mkondo ayi, ndi zingwe ndi kugundidwa ndi sitima.

Chimene chandikhala pamtima kwambiri n'china. Namgumi wamkazi uja miyezi yonse imene ali kuno sadya kwenikweni. Amanenepa kumadzi ozizira a kumwera kufupi ndi Antarctica, kudya tinkhanu ting'onoting'ono totchedwa krill, n'kubwera kuno kudzabereka, mkaka wonse ukuchokera m'mafuta a thupi lake. Ofufuza apeza kuti masiku ano azimayiwa akubwera owonda kuposa kale, ndipo m'malo mobereka zaka zitatu zilizonse, ambiri akutenga zinayi kapena zisanu. Ndiye ali ndi njala, ali ndi mwana woyamwa, ali ndi chipsera, ife n'kufika ndi injini yathu kudzamuzungulira. Bambo aja akuti ndalama za alendo ndi zimene zachititsa kuti anthu a m'tauniyi aziona namgumi wamoyo kukhala wamtengo wapatali kuposa wakufa. Mwina akunena zoona. Inenso ndikadapanda kukwera boti sindikadaona chipsera chija, ndipo bwenzi pano ndili m'tulo.

Sindikudziwa chifukwa chake ndakwiya chonchi, kapenanso amene ndamukwiyira. Mkulu wa kamera uja ndamuiwala kale nkhope.

Chithunzi chimene ndinajambula n'chosaoneka bwino, dzanja linanjenjemera. Ndachikulitsa kangapo kufuna kuona mzere woyera uja, ukungosanduka timadontho. Mnzanga wanditumizira uthenga kufunsa ngati tipitenso mawa, akuti nyanja ikhala bata. Akuti tikhozanso kungoima pamatanthwe a m'mphepete, anamgumi amaoneka ndithu kuchokera pamtunda, kungoti patali. Uthengawo ndawerenga. Sindinayankhebe.