Moni wa pa msewu wa ku Lusaka

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Chipata, khutu silimva kuti wachoka kwanu. Pachipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe anachiphatikiza kukhala chimodzi mu 2022, anatidindira mapasipoti, ndipo mayi woyamba kumupatsa moni tsidya linalo anayankha monga a kwathu: "Ndili bwino, kaya inu?" Sizodabwitsa. Ku Katete, pa Mkaika, ndi komwe Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba, kukagwadira Kalonga Gawa Undi.

Zimayamba kusintha basi ikalowa mkati mwa msewu wa Great East. Cha ku Petauke, kwa Ansenga, ndinamva "Muli tyani?" Pa mlatho wa Luangwa, pomwe anthu amatsika kukagula nsomba zouma ndi madengu, wina anandifunsa kuti "Mwachoma bwanji?" Ameneyu ndi "Mwaswera bwanji?" wawo. Pamenepa palibe vuto, chifukwa mawu ukakhala kuti sukuwadziwa umangofunsa.

Chosokoneza chili ku Lusaka, komwe mawu ndi athu omwe koma kulemera kwake n'kwina. Titangotsika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, mnyamata wonyamula katundu, msinkhu wa mwana wanga, anandiyang'ana n'kuti, "Bwanji?" Basi, kwatha. Kwathu mwana akafunsa munthu wamkulu choncho timamva ngati akuti "Mwatani?" kapena "Mukufunanji pano?", ndipo mtima unachita kuti myuu. Koma iye anali akumwetulira, chikwama changa chili kale paphewa. Yankho lomwe amadikira ndi "Bwino, bwanji?", kenako aliyense azipita.

Ifenso satimva monga tikufunira. Ku msika wa Soweto ndinapereka moni wathunthu kwa mayi wogulitsa zitenje: mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, ana ali bwanji. Mayiyo anayamba kundiyang'ana mokayika, dzanja likusendera ku kachikwama ka ndalama. Mlamu wanga, yemwe wakhalitsa mumzindawu, anaseka mpaka misozi. Akuti mlendo akatalikitsa moni pamsika, anthu amaganiza kuti kumapeto kwake kuli pempho, kapena ndi mlaliki, kapenanso ndi tsinzinantole. Ine ndimapereka ulemu, iwo amadikira kuti ndinene kuti ndalama ya basi yandithera. Atazindikira kuti ndine Mmalawi anamasuka, nati ife timayankhula Chinyanja chozama, changati cha m'Baibulo. Mtengo wa chitenje sanatsitse ndithu.

Ena obwerako amadandaula kuti a ku Lusaka alibe mwambo. Ine ndikukana. Mzindawu muli Abemba, Atonga, Alozi, Ansenga ndi ena ambiri, ndipo Chinyanja cha mumsewu chinafupika kuti aliyense achikwanitse. Ulemu anauika pena. Tamverani "ba" amene amamuika patsogolo pa dzina kapena udindo, monga momwe ife timaikira "a": ba mayo, ba tata, ngakhale ba kondakita. Taonani mtsikana akupinda bondo popereka chenji. Mnyamata yemwe angakuuzeni "Bwanji?" wouma ndi yemweyo amene alandire ndalama yanu ndi manja awiri.

Kunyumba kwa mlamu wanga ku Matero, madzulo, kunabwera gogo wina wa ku Chadiza. Tinapatsana moni tonse mmodzimmodzi, kuwomba m'manja, kufunsana za mvula ndi maliro a kumudzi, mpaka nsima kuzizira patebulo. Ana a m'nyumbamo, obadwira ku Lusaka, anali atayamba kale kudya.