AC ikamapenga, musathamangire gasi

Okutobala akangofika mu Lusaka muno aliyense amene AC ya galimoto yake ikuvuta amathamangira kukathiritsa gasi, ndipo anyamata ena amangothira osayeza n'komwe, ndalama yapita. Koma pa ma Allion, Mark X ndi ma Corolla ochokera ku Japan awa okhala ndi batani la AUTO, ngati mpweya ukuzizira bwino mukayika pa MAX COLD koma mukayika pa 23 kapena 24 ukuyamba kuchita zake, mwina kufunda, mwina kuzizira kosaleka, gasi alibe mlandu. Ine ndimayamba ndi kasensa koyeza kutentha m'kati mwa galimoto.

Kamakhala kuseri kwa timipata ting'onoting'ono pa dashibodi, pafupi ndi chiwongolero, cha pabondo apo. Ndi thermistor, kukatentha resistance yake (mmene imatchingira magetsi kudutsa) imatsika, kukazizira imakwera, ndiye kakompyuta ka AC kamatumiza ma volt 5 n'kumawerenga zomwe zabwerera. Pulagi ikachita dzimbiri resistance imakwera, kompyuta imaganiza kuti m'galimoto mukuzizira, iyo n'kumakutsegulirani mpweya wofunda muli pa mzere wa magalimoto pa Great East Road masana dzuwa lili pamutu.

Pa ma Toyota ambiri akalewa simufunika makina owerengera zovuta za galimoto: gwirani AUTO ndi batani lozungulitsa mpweya wam'kati pamodzi, tembenuzani kiyi pa ON, manambala osonyeza vuto (ma khodi) ayamba kuoneka pa sikirini ya AC. 11 ndiye kasensa kathu aka, pa makina imatuluka B1411. Mukaona 21 muli mu galaja musadandaule, imeneyo ndi sensa ya dzuwa, mumthunzi imatero basi.

Chomwe chimandinyansa ine ndi anzathu oyika ma wailesi a Android aja. Amasula dashibodi yonse, pobwezera amayiwala pulagi ya sensa, kapena kapaipi kamene kamayamwira mpweya kudutsa pa sensa amangokasiya kali lende. Kopanda kapaipi kameneko sensa imangomva kutentha kwa kuseri kwa dashibodi, khodi siituluka, mumangodabwa. Yatsani fani pa sipidi yapamwamba, ikani katishu pa timipata tija, kakapanda kumamatira dziwani kuti mpweya sukuyamwidwa. Fumbi lathu la Ogasiti nalo limatseka, kabulashi kofewa kamakwanira.

Kenako zulani pulagi muyeze resistance ya sensa ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Ya Toyota imakhala cha m'ma 1.7 kΩ pa madigiri 25, makampani ena amagwiritsa ya 10 kΩ, choncho musasakanize. Ipumireni mpweya wa m'kamwa kapena draya ya tsitsi ya amayi akunyumba, nambala izitsika pang'onopang'ono osadumphadumpha. Sensa ikakhala bwino yezani ku pulagi kiyi ali pa ON, ma volt 5 aja akasowa tsatani waya mpaka ku kompyuta, kawirikawiri amakhala wadulidwa pomwe analumikiza wailesi paja.