Utsi wa mbaula ku Joni: kayatsidwe ka moto n'kofunika

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti, m'mawa uliwonse pamwamba pa madenga a ku Soweto, Alexandra ndi Tembisa pamayala chinthu chotuwa. Ambiri amati ndi nkhungu, koma mbali yaikulu ndi utsi wa malasha, nkhuni, zinyalala ndi dizilo. Johannesburg ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa nyengo yozizira kumwamba kumakhala kopanda mitambo, mphepo ili zii. Nthaka imazizira msanga, mpweya wozizira n'kukhazikika pansi, wofunda uli pamwamba ngati chivundikiro pa poto. Utsi umasowa kothawira mpaka dzuwa litakwera.

Choopsa mu utsiwu ndi tinthu totchedwa PM2.5, tosaposa ma micrometre 2.5 kukula kwake, pomwe tsitsi limodzi limafika pafupifupi 70. Fumbi la m'milu ya migodi limene limauluka ndi mphepo ya Ogasiti, lambiri limakodwa m'mphuno ndi pakhosi. Koma tinthu ta PM2.5 timapitirira mpaka pansi penipeni pa mapapo, ndipo timayambitsa kapena kukulitsa mphumu, chibayo kwa ana, matenda a mtima ndi sitiroko. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati pa tsiku tisapose ma microgram 15 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Lamulo la South Africa likulolabe 40.

Zina sitingazisinthe. Utsi wa malo opangira magetsi ku Mpumalanga umafika kuno ndi mphepo, ndipo mu 2022 khothi lalikulu ku Pretoria linagamula kuti mpweya woipa wa ku Highveld, dera lokwera kumene kuli malo opangira magetsiwa, ukuphwanya ufulu wa anthu. Komabe utsi umene mumaupuma kwambiri ndi wa mbaula ili pakhomo panu.

Ambiri timayatsa monga tinazolowera kumudzi: mapepala pansi, nkhuni, malasha pamwamba. Ndi makala zimayenda, chifukwa utsi wake wambiri unatuluka kale mu uvuni. Malasha ndi ena. Akamatenthedwa kuchokera pansi amatulutsa phula ndi mpweya woyaka, ndipo izi zimadutsa m'malasha ozizira a pamwamba n'kutuluka zisanapse. Ndiwo utsi woyera wokhuthala uja umatsamwitsa mzere wonse wa nyumba.

Njira ya Basa njengo magogo (kutanthauza kuyatsa moto ngati agogo), imene inayambira ku eMbalenhle pafupi ndi Secunda, imatembenuza zonsezi. Yambani mwachotsa phulusa kuti mabowo a mbaula apume. Ikani malasha anu ambiri pansi, mapepala okwinya pamwamba pake, kenako nkhuni zouma zong'alula, ndipo pamwamba penipeni malasha ang'onoang'ono odzaza manja basi. Yatsani pamapepalapo. Moto umatsika pang'onopang'ono, ndiye utsi wochokera pansi umadutsa m'malawi n'kupsa. Malasha amakhalitsanso.

Zikakanika, nthawi zambiri ndi chifukwa choika malasha ochuluka pamwamba, moto n'kubanika, kapena nkhuni zonyowa. Ena amataya mtima n'kuthirapo malasha atsopano moto utangogwira, utsi uja n'kubwerera. Matayala, mapulasitiki ndi matabwa opaka penti musayatsire n'komwe.

Mbaula isalowe m'chipinda chotseka, ngakhale itasiya kufuka. Malasha ofiira amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, tulukani panja nonse.

Mazenera tsegulani masana, osati m'bandakucha kapena madzulo pamene aliyense wayatsa moto. Ochita malonda pamalo okwerera mateksi, masiki yansalu siithandiza kwenikweni pa tinthu iti. Gulani ya N95 kapena FFP2, mupinde kachitsulo kake pamphuno kuti igwire bwino. Ndevu zikakhala zambiri, mpweya umalowera m'mbali.